Njinga ya a Mphepo Itafupika

Amuna anga, a Jeremiya Mphepo, anasinthanitsa thumba la feteleza wa makuponi ndi malimu awiri, mikombero ya mawilo a njinga yamoto. Ndayambira pamenepa kuti amene akufuna kundiweruza adziwe kumene nsanje yanga inachokera. Kwathu kuno, kumadzulo kwa Nkhamenya, mwamuna akatulutsa thumba la feteleza m'nyumba mvula ili pafupi, zifukwa zimakhala ziwiri basi: mowa kapena mkazi. A Mphepo mowa sanaulawepo chibadwire. Nanga inu mukanakhala ine, Feliya, mukanaganiza chiyani?

Anabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Lisasadzi, makolo awo ali matenanti. Sukulu analekezera Sitandade 6, chifukwa fodya akapsa bambo awo ankafuna manja ambiri m'chigafa, ndipo za mayeso sizinkawakhudza. Anakula akuthyola fodya, kusoka, kumanga ndindi ndi kusenza mabelo olemera kuposa iwo eni. Pa esiteti pomwepo anaphunzira kukonza njinga yakapalasa ya kapitawo, ndipo atakula anathawa utenanti n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pa Nkhamenya ndi masipanala anayi komanso pampu.

Ine ndinawadziwira pansi pa mtengo umenewo. Ndinabweretsa njinga ya achimwene anga itapindika wilo. Anaitembenuza, n'kuyamba kukhudza masipoko ndi chikhadabo mmodzimmodzi, khutu ali tcheru ngati akumvera nkhani. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Sabata yotsatira ndinabwereranso nayo, ina ija chimodzimodzi. Ulendo wachitatu anazunguza mawilo onse awiri, kenaka anati, "Chemwali, njinga iyi ilibe vuto." Ndinawayankha kuti ndikudziwa. Chaka chisanathe ananditengera kwawo, kumudzi kwa agogo awo kumene anapatsidwa munda.

Munthu wake ndi wofatsa mpaka kukwiyitsa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinakhala nawo, ana anayi ndinawaberekera, koma mano awo onse ndinali ndisanawaonepo. Pa chithunzi cha ukwati wathu akuoneka ngati akudikira chigamulo cha khoti. Sankakalipa, sankaseka, ndipo mawu oti ayi analibe. Munthu akafika kuti denga ladontha, a Mphepo anyamuka. Wina kuti jeke yodindira mabelo yathyoka, a Mphepo anyamuka. Ine ndinkangoti ndi mmene Mulungu anawaumbira, ndipo ndinkanyadira kuti mwamuna wosaseka sangasekere mkazi wina.

Njinga yamotoyo inabwera chaka china fodya wathu atayenda bwino ku okushoni, makuponi atangoyamba kumene kuzolowereka. Kampani ina yogula fodya inkataya njinga zakufa zimene alangizi ake ankayendera m'minda, ndipo a Mphepo anatenga imodzi. Inafika pangolo, itagona chammbali, ana akuithamangira, akuluakulu akuseka. Patatha miyezi iwiri inatsokomola, inatulutsa utsi, n'kudzuka.

Inali yaitali ngati ng'ombe yapangolo. Wilo lakutsogolo linali lalikulu, lakumbuyo locheperako pang'ono, ndipo matayala onse anali a mano akuluakulu oluma matope. Ine ndinkaikwera nditaima pakhonde, n'kukhala chammbali miyendo yonse mbali imodzi, monga ayenera kukhalira mayi wa Chigwirizano. Amayi ena ankailephera. Amene anakwerapo ndi odwala okha, ochita kunyamulidwa ndi anthu awiri. Zimenezo, ndinene zoona, zinkandikomera. Chinanso chinkandikomera ndi mapazi ake. Mano aja ankadinda pansi moti popita kumjigo m'mawa ndinkadziwa kumene amuna anga adutsa dzulo, pamene anaima ndi pamene anakhotera. Sikuti ndinkawakayikira, koma mtima umakhala m'malo maso akaona okha.

Posakhalitsa njinga ija inasanduka ya mudzi wonse. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba mvula ili pakati, a Mphepo ankamuwolotsa dambo mpaka kuchipatala. Uthenga wamaliro unkayenda pa njinga yomweyo. Nthawi ya makuponi ndiye ankatha sabata akuzungulira pakati pa depoti ndi mudzi, matumba awiriawiri kumbuyo, a nkhalamba ndi a amayi amasiye. Anthu ankandiuza kuti ndinakwatiwa bwino, ndipo ine ndinkavomera ndi mutu.

Zinasintha chaka chachisanu ndi chimodzi njingayo ili pakhomo. Mwezi wa Novembala dzina lathu linatuluka pa makuponi, zomwe sizinkachitika chaka chilichonse. A Mphepo anaima pamzere masiku atatu, anabwera ndi matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Ndinawaika kuchipinda, pamwamba pa njerwa. Patatha sabata ndinapeza limodzi lokha. M'chigafa munali chinthu chokulungidwa m'chiguduli, ndipo nditavundukula ndinaona malimu awiri aafupi, otakata, ndi matayala ake pambali.

"Bambo a Clara, feteleza wobereketsa ali kuti?" ndinawafunsa atabwera kumunda.

"Ndi uyo," anatero akuloza malimu aja. "Ndasinthana ndi a Grey a kuboma, aja amaphwasula njinga zochita ngozi."

"Ndiye chimanga chathu chidzabereka malimu?"

"Manyowa a m'khola alipo. Ndithira ndekha."

Anathiradi okha, sindingawanamizire. Koma masana onse, akaweruka kumunda, ankakhala m'chigafa. Ine ndinkakhala chapatali ndikusenda mtedza wambewu, diso limodzi lili komweko. Anamasula masipoko onse pa mawilo akale n'kutsala ndi mahabu okha, zitsulo zapakati pa wilo zija. Masipoko akalewo anali aatali kwa malimu atsopano, choncho anakafuna aafupi, ena n'kuchita kudula okha. Kenaka anayamba kuluka, sipoko mmodzimmodzi, kumanga pang'ono, kuzunguza, kumvera ndi khutu. Tayala lakumbuyo linakhala lonenepa kwambiri moti linkakhula tcheni, ndipo anatha masiku anayi akulimbana nalo ndi mawashala mpaka panapezeka mpata wolowa chala. Sipuloketi yakumbuyo, ija ya mano yokoledwa ndi tcheni, anaikapo yaing'ono kuti izithamanga. Kutsogolo anaika chimbale chachikulu cha buleki, madigadi n'kuidula theka. Atatsiriza, sitandi inapezeka yaitali, njinga ikangoimikidwa inkafuna kugwera mbali inayo. Anapita nayo kwa owotcherera pa Nkhamenya kukaifupikitsa.

Chibadwire sindinawaonepo akusisita chinthu mmene ankasisitira malimu amenewo. Ine ndikadwala mutu ankandibweretsera panado n'kundiikira pampando. Limu likangolira molakwika, ankaligwira ndi manja awiri.

Tsiku limene anaitulutsa m'chigafa, mnzanga Dyna anali pakhomo. Dyna kwawo ndi kumpoto pang'ono, ndipo pakamwa pake sipachedwa. Njinga ija inali itafupika, mawilo onse ofanana, matayala osalala ngati mimba ya mlamba. Dyna anaizungulira kawiri, anagwira chishalo, n'kunena, "Mwe, Feliya, yafupika chomene! Tsopanotu ngakhale wa siketi yothina akwera osapempha khonde." Anaseka, inenso ndinaseka, koma mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa.

M'mawa mwake popita kumjigo ndinafuna mapazi a njinga. Panali mzere wosalala basi, wofanana ndi wa njinga ya aphunzitsi, ya wogula nkhuku, ya aliyense. Ndinaima pamphambano chidebe chili pamutu, osadziwa ngati amuna anga anakhotera kumanja kapena kumanzere. Ndinapsa mtima ndekhandekha.

Mvula itakhazikika, anthu anayamba kubwera monga mwa kale kudzapempha njinga. A Mphepo ankawayankha kuti m'matope siyendanso, imaterereka. Odwala ankawamangira ngolo n'kuwaperekeza okha wapansi, koma njinga ayi. Aka kanali koyamba kumva mawu oti ayi pakamwa pawo, ndipo mudzi wonse unadabwa. Ena anandifunsa ngati ndine ndawaletsa.

Kenaka anayamba za Loweruka. Dzuwa likangotuluka ankaikankha njingayo, inde kukankha, m'matope mtunda wonse wochokera kwathu mpaka ku msewu wa phula. Ankabwerako masana, matope mpaka m'mawondo, koma nkhope ili ngwee ngati munthu wadya ukwati. Loweruka lachitatu ndinawamva akuimba likhweru kubafa. Likhweru! Ndinaponya chikho chimene chinali m'manja. Ndi mwamuna uti wazaka makumi anayi ndi zisanu angakankhe chitsulo m'matope maola awiri, n'kubwerako akuimba, popanda womudikira kutsogoloko?

Ndinayamba ntchito ya upolisi. Malaya awo ndinkawanunkhiza ndisanawachape, koma ankangonunkha petulo ndi thukuta. Pachishalo ndinkafunapo tsitsi loluka, osalipeza. Chimene ndinapeza ndi buluku long'ambika pabondo lamanzere, ndi nsapato yopalika kunsonga. Ndinamuonetsa Dyna. Analiyang'ana bulukulo nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. "Mama, mwamuna wong'ambika bondo ndiye kuti kuli amene akumugwadira."

Kuyambira pamenepo akazi onse a pa Nkhamenya anasanduka adani anga. Mphunzitsi wina wovala magalasi ndinasiya kumupatsa moni. Namwino amene anandithandiza pobereka mwana wotsiriza ndinamudutsa ngati mtengo. Mtsikana wogulitsa tomato pamsewu atandiwonjezera banyira ndinamubwezera, poganiza kuti akundilipira. Kutchalitchi ndinkaimba ndi pakamwa, maso akuyenda pa mizere ya amayi kuyeza kuti siketi ya ndani ndi yothina. Chakudya chinasiya kukoma. A Mphepo, amene amamva sipoko mmodzi akakhwepa pakati pa anzake makumi atatu, sanaone chilichonse.

Ndinaganiza zothetsa nkhaniyo. Ndinamanga zovala zanga m'chitenje n'kubisa kuseri kwa nkhokwe. Ndinatsimikiza mtima kuti ndikamuona mkaziyo ndi maso anga, ndimusambitsa chokweza, kenaka ndinyamula mtolowo ndi kubwerera kwathu, ukwati uthere pomwepo. Sindinkaopseza munthu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinali wokonzeka kuzisiya pakhomo pamenepo.

Loweruka lina mu Januwale ndinati ndikupita kuchigayo. Ndinakwera ngolo ya anansi athu imene inalawirira, a Mphepo akadapukuta njinga yawo. Chimanga ndinachisiya pamzere kuchigayo, ine n'kutsata msewu wa phula chakumpoto, kumene anthu ankati amawaona. Mthiko ndinali nditaubisa m'chitenje. Nditayenda ndithu ndinafika pamene msewu umatsetsereka n'kukhota kwambiri usanafike pa kamlatho. Ndinalowa m'munda wa fodya wa eni ake, n'kukhala pansi pakati pa mizere, mame akundinyowetsa.

Ndinaimva isanaoneke. Inkalira mosiyana ndi mmene imalirira kumudzi, mawu ake okwera, osadukiza. Inatulukira pamwamba pa chitunda, ndipo ndinaponya maso kumbuyo kwa chishalo. Kunalibe munthu. Ndinati basi akukamutenga. Koma atafika pokhota paja sanachepetse mmene ndinkayembekezera. Njinga inapendekeka, inapendekekabe, mwendo wawo wamanzere uli kutsogolo nsapato ikupala phula, mpaka ndinaona kuti agwa. Ndinakuwa, koma mawu anga anamira m'phokoso. Njinga inadzuka yokha bwinobwino, n'kuwoloka kamlatho.

Kutsidyako anaima. Anavula chipewa chachitsulo, anaweramutsa mutu kuyang'ana kumwamba, ndipo anaseka. Sikunali kumwetulira ayi. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, pakamwa ponse yasa, dzanja likumenya thanki. Anayankhula kenakake kwa njingayo, anasekanso, anavala chipewa, n'kutembenuka kubwerera pamwamba pa chitunda. Anatsikanso. Anapendekekanso. Ulendo wina bondo linakhudza pansi, ndipo anakuwa ngati mnyamata amene timu yake yagoletsa. Ndinawerenga maulendo asanu ndi anayi. Panalibe mphunzitsi, panalibe namwino, panalibe wa tomato.

Ndinayenera kugwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Koma chimene ndinamva m'chifuwa chinali choposa chimene ndinabwera nacho. Akanakhala mkazi ndikanamumenya, ndikanapita kwa ankhoswe, ndikanalira pa amayi anzanga iwo n'kundigwira manja. Nanga msewu ukausumira kwa ndani? Ndinawaphikira, ndinawachapira, ndinagona nawo pamphasa imodzi chaka cha njala, koma kuseka kumeneko sanandipatseko ngakhale kamodzi. Anali nako nthawi yonseyi, n'kukasungira phula.

Ataimanso kutsidya kwa mlatho ndinatuluka m'fodya muja. Atangondiona, nkhope yawo inatsekeka ngati chitseko cha golosale, n'kubwerera ija ya masiku onse.

"Mayi a Clara! Kwagwanji? Ana ali bwino?"

"Ana ali bwino. Ali kuti?"

"Ndani?"

"Amene mumamusekera."

Anayang'ana chitenje changa chonyowa, anayang'ana mthiko umene unali utatulukira m'chiuno, ndipo anamvetsa zonse. Anazimitsa injini. Basi ina inadutsa.

"Kulibe munthu," anatero. "Mayi a Clara, ine chibadwire ndakhala ndikunyamula. Fodya, mabelo, odwala, feteleza wa eni ake. Pano pokha ndi pamene sindinyamula kanthu."

"Ndiye inenso ndine katundu?"

Anatembenuzira maso ku wilo lakutsogolo.

"Ndinyamuleni," ndinatero. "Muchite monga muja mumachitira."

Sindinadikire chilolezo. Ndinakwinya chitenje, ndinaponya mwendo, n'kukhala motangadza ngati atsikana a m'tauni, manja ndawakulunga m'chiuno mwawo. Amayi awiri osenza nkhuni anaima kundiyang'ana, ndipo mkulu wa mpingo wathu anadutsa pa njinga yakapalasa khosi litapotokera kwa ine. Ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Chigwirizano ine ndisanafike kunyumba. Sindinasamale.

Tinakwera chitunda, tinatembenuka, tinayamba kutsika. Mphepo inandimenya kumaso, ndipo mtima unayamba kugunda mokoma. Ndinafinya chiuno chawo kudikira kupendekeka kuja. Koma tisanafike pokhota ndinamva njinga ikuchepa mphamvu. Tinakhota titaongoka, pang'onopang'ono, ngati tanyamula mazira.

"Bwerezani! Si mmene munachitira muja!"

Tinabwereza. Chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinawamenya chibakera kumsana, ndipo anaima pambali pa msewu.

"Sindingathe," anatero osacheuka.

"Njinga yatopa?"

"Manja akukana. Ndikangokumbukira kuti muli kumbuyoku, zala zikugwira buleki zokha. Ndikagwa ndekha ndi khungu chabe, limera lina. Nanga ndikagwa ndi inu, ana ndikawauza chiyani?"

Dyna nditamufotokozera pambuyo pake anati chimenecho ndicho chikondi, ndipo akazi ambiri amafa osachimva. Mwina amanena zoona. Koma pa nthawiyo, nditakhala motangadza pamsewu waukulu manyazi onse nditawataya, chimene ndinamva n'chakuti kumene amuna anga amasangalala ine sindingafikeko, chifukwa ndikangofika chisangalalocho chimachoka.

Ndinatsika. Iwo anavula chipewa n'kuchigwira pamwendo, maso ali pansi.

"Ngati zikukuwawani, mawilo akale ndikhoza kuwalukanso," anatero. "Malimu ake ndinasunga. Pofika Lachitatu ikhala mmene inalili, ndipo kuno sindidzabweranso."

Sankandiyesa. A Mphepo sadziwa kuyesa munthu. Ndikanangoti inde, akanamasula masipoko aja tsiku lomwelo, osadandaula, osandikumbutsa mpaka kufa. Njinga ikanatalikanso, mudzi ukanandithokoza, ndipo ine ndikanakhala ndi mwamuna wanga yense, wofatsa, wopezeka pakhomo Loweruka lililonse. Mawuwo anafika pakamwa penipeni. Ndinkawafuna ndi mtima wanga wonse, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ndinayang'ana bondo lawo. Chigamba chimene ndinasoka sabata yatha chinali chitang'ambikanso.

"Chimanga changa chili pamzere kuchigayo," ndinatero. "Inu tsirizani zanuzo. Koma buluku limenelo musoka nokha."

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. Ndinawalozera msewu ndi mthiko kuti azipita. Analiza njinga, anakwera chitunda, ndipo ine ndinaima pambali kuti ndionenso kamodzi, tsopano ndisanabisale. Anatsika, anafika pokhota, anandiponyera diso, n'kukhota ataongoka ngati ndikadali kumbuyo kwawo. Anabwereza kachiwiri, chimodzimodzinso. Pamenepo ndinazindikira kuti ngakhale maso anga okha ndi olemera.

Ndinatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kuchigayo. Nditayenda pang'ono ndinamva injini ikukwera mawu kumbuyo kwanga, ikukwerabe, osadukiza. Kenaka inazima kutsidya kwa mlatho, ndipo kuseka kuja kunamveka, kwakutali koma komveka bwino. Khosi linkafuna kucheuka lokha. Ndinaligwira, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangocheuka asiya. Ndinayenda choncho misozi ikutsika, ndikumvera amuna anga akuseka, mpaka msewu unakhota.